Chikwama cha Lachiwiri

Mayi aja sanabwere kudzadandaula ayi. Analowa mu ofesi ya apolisi a tauni ya Porto Canevo Lolemba m'mawa, chipewa chili m'manja, nkhope itapsa ndi dzuwa la Ogasiti mpaka kufiira psuu, n'kuima patsogolo pa tebulo la Ornella Baccichet mwaulemu wonse ngati alowa m'tchalitchi.

"Pepani, sinyora. Dzina langa Hildegard Pichler, wa ku Austria." Chitaliyana chawo chinali chodukaduka, liwu lililonse ankaliika pansi mosamala ngati dzira. "Ndinalakwa. Ndinalipira. Sindikukana. Chikwama sungani. Ine ndikufuna chithunzi basi."

Ornella anawakokera mpando. Zaka 24 ali pantchitoyi, nkhani za zikwama zinali zitamutopetsa kalekale. Kwathu kuno lamulo silisankha: wogulitsa chikwama chafeki ndi wolakwa, wogula nayenso ndi wolakwa, ndipo chindapusa cha wogulayo chimatha kuposa mtengo wa chikwama chenichenicho. Zikwangwani zili mbwee m'gombe monse, m'zilankhulo zinayi. Koma mlendo akangoona chikwama cholembedwa dzina la kampani yotchuka ya Orsenti chikugulitsidwa mayuro 30 pamchenga, kuwerenga amaiwala.

"Chithunzi chanji, mayi?"

"Cha Alois, mwamuna wanga. Anamwalira. Chithunzi chimodzi chokha chimene akuseka. Zina zonse wakwinya nkhope." Anafotokoza kuti Lachiwiri lapitalo anagula chikwama ku gombe laulere, n'kusamutsiramo tinthu tawo. Pasanathe mphindi zisanu panatulukira wapolisi wamkazi. Anawauza kuti akhuthule chikwamacho, iwo anakhuthula, koma kathumba ka m'kati anaiwala. Sabata yonse akhala akusanthula m'chipinda cha kuhotela, mpaka dzulo pamene anakumbuka.

"Musadandaule, katundu wolandidwa timasunga. Chindapusa munakalipira ku positi ofesi?"

"Ayi. M'manja. Pamchenga pomwepo. Anati ndikapereka pompo, 400. Ndikadikira, 3,000."

Ornella anaika cholembera pansi. Wapolisi wa tauni ino salandira ndalama m'manja, ngakhale yuro imodzi. Amalemba pepala, munthu n'kukalipira yekha ku positi.

"Anakupatsani pepala?"

Mayi Pichler anatulutsa pepala lopindidwa bwinobwino m'kona zinayi. Linali la m'mbali mobiriwira, la mtundu umene ofesi inasiya kugwiritsa ntchito zaka zitatu zapitazo. Ornella anatsitsa maso mpaka pansi, pamalo polemba nambala ya wapolisi wogwira mlandu.

Panali nambala 52. Nambala yake.

*

Mkulu wa apolisiwo, bwana Zanchetta, sanadabwe. Chimenecho n'chimene chinamuwawa Ornella kuposa pepala lija. Anangoliyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kukoka dilowa, n'kutulutsa makalata awiri.

"Iyi yachokera ku Germany. Iyi ku Holland. Anthu aulemu, akungopempha lisiti yeniyeni kuti aonetse kwawo. Onse anagwidwa ku gombe laulere, onse Lachiwiri, onse nambala 52."

"Makalatawa afika liti?"

"Yoyamba, masabata atatu apitawo."

"Masabata atatu! Ndiye tsiku lililonse mumandipatsa moni, kumwa nane khofi, makalata ali m'dilowa? Mumandizonda, bwana?"

"Ndimadikira kuti ndione. Usakweze mawu, kunja kuli anthu." Anavula magalasi. "Tamvera, Baccichet. Akazi muno mulipo atatu. Wina ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Wina msinkhu wake sufika paphewa pangapa. Alendowa onse akuti wamtali, wamapewa, magalasi akuda, chipewa chotsitsira kumaso. Lachiwiri supita kuntchito. Umakhala kuti?"

"Kwa bambo. Mukudziwa inu. Mng'ono wanga Loredana ndi amene amakhala nawo, koma Lachiwiri amapita kuchipatala cha mumzinda kukaongoletsa msana, ine n'kumugwirira."

"Amachoka nthawi yanji?"

"Eyiti koloko. Amabwera folo."

"Ndiye kuyambira eyiti mpaka folo mboni yako ndi bambo ako."

Bambo a Ornella, a Primo Baccichet, amene anazika maambulera obwereketsa alendo m'gombe lino zaka makumi asanu, masiku ano dzina lawo lomwe sankalidziwa.

"Nanga buku la mapepala obiriwira aja unabweza?"

"Ndinabweza... ndikuganiza kuti ndinabweza."

"Kuchipinda chosungira katundu kulibe. Ndafufuza." Bwana Zanchetta anapumira m'mwamba. "Sindikunena kuti ndiwe. Ndikunena kuti pepala likunena kuti ndiwe. Ndikupatsa mpaka mawa sikisi koloko madzulo. Ikakwana usanandibweretsere munthu, chipewa chako uchisiya patebulo pano, nkhani ipita kukhoti."

Zaka 24, abale. Zaka zoima padzuwa, kutukwanidwa ndi oimika galimoto polakwika, kukana ngakhale botolo la vinyo la pa Khirisimasi kwa eni masitolo kuopa kuti angati wadya. M'tauni muno ankamunena kuti ndi wouma mtima, iye osadandaula, chifukwa dzina loyera ndicho chuma chokha chimene anali nacho. Lero munthu wina anali atalitenga n'kukaliviika m'matope, ndipo nthawi yolitsukira inali tsiku limodzi ndi theka.

*

Gombe laulere lili kumapeto kwa tauni, kupitirira mahotela onse. Kulibe mizere ya maambulera olipira, kulibe anyamata oyala mipando. Aliyense amabwera ndi kaambulera kake ka m'sitolo n'kukazika mmene wathera, mphepo ikawomba timaambulera n'kumagubuduzika anthu akuthamangitsa.

Mayi Pichler anayenda molunjika mpaka pafupi ndi miyala. "Ndinali apa. Wogulitsa anayala nsalu yake apo."

"Wooneka bwanji?"

"Wamtali, ndevu za imvi. Mwendo umodzi amakoka. Kumkono kuli mikanda yopempherera."

Mbaye Thiam. Ornella anali atamuthamangitsa munthu ameneyo zaka khumi ndi chimodzi osamugwira ngakhale kamodzi, mwendo wokokawo uli pomwepo.

"Wapolisi atafika, iye anathawira kuti?"

"Sanathawe."

"Mwati chiyani?"

"Sanathawe. Anangosuntha pang'ono, n'kuyang'ana kunyanja. Ndinaganiza kuti ndi wolimba mtima."

Wolimba mtima chiyani! Aliyense wa kuno amadziwa mmene ogulitsa aja amayalira malonda. Nsalu yoyera, m'makona onse anayi mutamangidwa zingwe, zingwezo zikukumana m'dzanja la mwini wake. Akangoona chipewa choyera cha apolisi patali, kukoka kamodzi, nsalu yasanduka mtolo, mtolo uli kumsana, munthu wapita. Amagona chingwe chili m'manja. Wogulitsa amene waona yunifolomu osakoka chingwe ndiye kuti akudziwa kuti yunifolomuyo sinadzere iye.

"Wapolisiyo mungamuzindikire mutamuonanso?"

Mayi Pichler anamuyang'ana Ornella kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuchita manyazi. "Msinkhu ngati wanu. Mawu ngati anu pang'ono. Koma si inu. Inu manja anu ndi a cholembera. Uja manja ake okhakhala, ngati a mlimi. Ndipo anali wachifundo."

"Wachifundo? Munthu wakulandani 400?"

"Inde. Atatenga ndalama, anayamba kupita. Kenaka anaona ambulera yanga itapendekeka. Anaima. Anapukusa mutu ngati zamunyansa. Anabwerera, anaizula. Ine ndimazika mopotokola, chonchi. Iye ayi. Anaikankha kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, mpaka inalowa. Anatenga botolo langa la madzi, anathira pansi pake. Anaponda ndi chidendene katatu."

"Onse ogwira ntchito ya maambulera amatero," anatero Ornella.

"Kenaka anaimenya mbama. Ambulera! Pa mtengo wake, pha! Ndipo anayankhula nayo. Ndinaseka, ngakhale ndinali ndi misozi. Mawu ake ndinasunga." Anatseka maso kuti akumbuke bwino. "Anati: khala pompo, nkhalamba iwe."

Ornella anakhala pamwala osadziwa kuti wakhala. Kuthira madzi ndi kuponda katatu n'kwa aliyense, inde. Koma mbama ija ndi mawu aja anali a munthu mmodzi m'gombe lonseli, a Primo Baccichet, ndipo anawasiyira ana awiri okha, amene ankawadzutsa mbandakucha kukazika maambulera mazana awiri dzuwa lisanatuluke. Mwana woyamba anali iyeyo.

Pomwepo anakumbukanso kumene buku lija linapita. Tsiku limene ofesi inagawa yunifolomu yatsopano, yakale anaikulunga yonse, malaya, siketi, chipewa ndi kachikwama koyera ka paphewa, n'kukaiponya mu wadiropu ya kwa bambo poti kunyumba kwake n'kopanikiza. Buku linali m'kachikwamako.

"Sinyora, mwadwala?"

"Ndi dzuwali, mayi," ananama.

*

Mtima wa munthu ndi wokanika. Ali m'njira Ornella anadzipezera zifukwa khumi. Mwina kunyumba kwa bambo kunalowa wakuba. Mwina bambo anaphunzitsapo wantchito wina kale. Loredana wa msana uja, amene amalephera kutola sipuni ikagwa, angazike ambulera? Anavula yunifolomu, kuvala diresi ya maluwa, n'kupita kunkhalango ya paini ya kuseri kwa gombe kumene ogulitsa amapuma masana.

Anamupeza Mbaye atakhala pa mtolo wake, akudya mpunga wa nsomba m'kontena. Anzake atatu atangomuona Ornella anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Diresi ya maluwa inganamize ndani? Mbaye yekha sanasunthe. Anapukuta pakamwa pang'onopang'ono.

"Lero suthawa, Mbaye? Mwendo wakana?"

"Ndithawirenji, sinyora? Munthu sathawa bwana wake." Mawu ake anali aulemu, koma maso munalibe ulemu. "Mwabwera nokha lero. Gawo lanu lachepa?"

"Gawo lanji?"

"Aa, sinyora. Ine ndine wosauka, koma si chitsiru. Zaka khumi ndi chimodzi mwandithamangitsa, ine n'kumauza anzanga kuti uyu yekha ndi wolungama, akakugwira wakugwira, koma sadya. Ndinkakulemekezani. Ndikamathawa ndinkathawa mwaulemu."

"Tanena bwino, ndimve."

Anafotokoza, akuwerenga mikanda yake ndi chala. Zaka zambiri, apolisi akamasesa gombe, iye ankabisa mtolo wake m'kanyumba kosinthira zovala ka ku maambulera a Baccichet. Loredana ankamulola, iye n'kumamuthokoza ndi magalasi kapena lamba. M'mwezi wa Juni Loredana anamuitanira kuseri n'kumuonetsa yunifolomu. Anati ndi ya mkulu wake, nambala ndi ya mkulu wake, nzeru yonse ndi ya mkulu wake. Lachiwiri lililonse Mbaye azigulitsa chikwama kwa mlendo wachikulire, makamaka mayi amene ali yekha, kenaka azikanda m'mutu kuti wobisala aone. Akakana, mkulu wakeyo abwera ndi galimoto kudzamulanda katundu, ndipo chikalata chake chokhalira m'dziko muno, chimene chikutha mu Okutobala, aiwale.

"Ndili ndi ana anayi kwathu, sinyora. Ndinakanda m'mutu."

"Ndipo unakhulupirira kuti ndine?"

"Magazi amodzi, nambala yanu, tsiku lanu lopuma. Inu mukanakhulupirira chiyani?"

Ornella anafuna kumukalipira, koma anadzigwira. Miyezi iwiri yathunthu munthu uyu akumuona akudutsa ndi chipewa choyera, mumtima akuti taonani mbava. Mbaye anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo chala chinaima pamikanda.

"Mulungu wanga," anatero chapansipansi. "Simumadziwa."

Anamasula mtolo n'kutulutsa chikwama chofiirira chimene chinali chokha m'pepala la pulasitiki. "Ndi chimodzi chomwechi. Akalanda, madzulo amandibwezera, Lachiwiri linalo ndigulitsenso. Chagulidwa kasanu ndi kanayi. Palibe chikwama cha Orsenti chenicheni chimene chagwira ntchito ngati ichi." Anaseka kuseka kosakoma. Kenaka anapisa m'thumba la pamtima n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'kansalu koyera. "Ichi ndinachipeza m'kathumba ka m'kati. Sindinathe kutaya. Munthu woseka chonchi ali ndi womulira."

Chinali chithunzi cha bambo wadazi, atanyamula nsomba yaing'ono ngati chala, akuseka mano onse pamtunda.

"Mawa ndi Lachiwiri," anatero Ornella. "Upite ngati kale. Ugulitse, ukande m'mutu."

"Ndiye ine zindithera bwanji?"

"Sindikunamiza, katundu uyu alandidwa. Koma ndikalemba kuti unaopsezedwa, ndipo ndikaima pamaso pa woweruza n'kunena ndi pakamwa panga. Zoposa apo ndilibe."

Mbaye anamanga mtolo wake mwakachetechete. "Akanakhala wina ndikanakana," anatero. "Koma sinyora, uja ndi mng'ono wanu. Mwaganiza bwino?"

Ornella anaika chithunzi chija m'thumba n'kubwerera kutauni.

*

Lachiwiri anafika kwa bambo hafu seveni, atanyamula mabanzi otentha monga mwa masiku onse. Loredana anamuchingamira pakhomo, dzanja lili pamsana, n'kumupsompsona masaya onse awiri.

"Wafika, mkulu wanga wagolide! Ine usiku wonse osagona, msanawu ngati muli misomali. Pakanapanda iwe sindikudziwa kuti ndikanatani. Bambo asamba kale, mankhwala ali pa firiji, supu ungotenthetsa. Koma wawonda nkhope, bwanji? Akukuvutitsa kuntchito?"

"Ntchito basi."

Pafupi ndi chitseko panali chikwama chachikulu cha buluu chimene Loredana ankapita nacho kuchipatala sabata iliyonse. Matawulo ndi zovala zochitira mafizo, ankatero. Milungu yonseyi Ornella ankachidutsa, tsiku lina mpaka anachisuntha ndi phazi posesa.

"Ndikunyamulire mpaka pa basi? Ndi msana wakowo."

"Ayi, ayi, n'chopepuka!" Loredana anachitola msanga, kuwerama bwinobwino ngati mtsikana, kenaka anakumbuka n'kubuula.

Ornella anaima pakhomo. Anali atalumbira kuti sanena kanthu, koma uyu anali mwana amene iye anamuphunzitsa kusambira, amene anamubereka kumsana tsiku loika maliro a mayi awo.

"Lori. Palibe chimene ukufuna kundiuza? Chilichonse. Ndili pano, ndine mkulu wako. Ukandiuza panopa, tiona chochita."

Loredana anaima kaye. Kwa kamphindi nkhope yake inasintha, ndipo mtima wa Ornella unadumpha ndi chiyembekezo.

"Chilipo," anatero. "Supu ija usathire mchere, ndathira kale."

Anatsika masitepe akutsimphina mpaka pakona. Ornella anamuyang'ana pawindo. Atangokhota, kutsimphina kunatha.

Analowa kuchipinda cha bambo n'kutsekula wadiropu. Munali majekete awo akale ndi fungo la mankhwala a njenjete basi. A Primo anali pampando wawo akuyang'ana khoma. Anatembenuka n'kumumwetulira ngati mlendo.

"Kuli mphepo lero, mtsikana? Uwauze ana anga azike mozama."

"Ndiwauza, bambo."

Analira pamenepo, ataima pakati pa chipinda, kulira kwa mkwiyo kosatulutsa mawu. Ndalama sizinamupweteke, ngakhale nambala. Chinamupweteka ndi ma Lachiwiri aja. Tsiku lake lokha lopuma ankalipereka ndi mtima wonse, kusintha matewera a bambo, kuwadyetsa ndi sipuni, akumvera chisoni mng'ono wake wodwala msana. Kumeneko mng'onoyo n'kuti atamutsekera m'nyumba yopanda mboni, iye ali kugombe atavala dzina lake. Anapukuta maso, anagogoda kwa mayi a nyumba yoyandikana kuwapempha kuti akhale ndi bambo, kenaka anaimbira bwana Zanchetta.

*

Itangopitirira leveni koloko, Mbaye anagulitsa chikwama chofiirira kachikhumi, kwa mayi wina wonenepa wa chipewa chapinki. Anakanda m'mutu.

Ornella anali kuseri kwa miyala atavala yunifolomu yake, bwana Zanchetta ali pambali pake akutuluka thukuta, Mayi Pichler atakhala pansi, chithunzi cha Alois chimene Ornella anawabwezera atachigwira pachifuwa ndi manja awiri. Kuchokera kuzimbudzi za pagombe kunatuluka chipewa choyera.

Kudziona wekha ukuyenda pamchenga ndi chinthu choopsa. Mayendedwe anali ake, kaimidwe kake, ngakhale kugogoda buku ndi cholembera asanayankhule, zonse Loredana anali ataziba. Mayi wa chipewa chapinki anayamba kukhuthula chikwama, kufunafuna ndalama.

"Ndi yemweyo," ananong'ona Mayi Pichler.

"Ndipite ndine," anatero bwana Zanchetta, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anali ofewa. "Iwe tsala, Baccichet. Palibe angakunene."

"Nambala ndi yanga, bwana."

Anayenda pamchenga osafulumira. Loredana anali atatambasula kale dzanja kuti alandire ndalama pamene chithunzithunzi cha munthu chinagwera pabuku lake. Anatembenuka. Zipewa ziwiri zoyera zinayang'anizana, ndipo anthu a pafupi anayamba kudzuka pamatawulo awo.

"Bwezani ndalama zanu m'thumba, mayi," anatero Ornella kwa mlendo uja, maso ali pa mng'ono wake. "Vula magalasi."

Loredana anavula. Sanathawe, sanalire. Funso lake loyamba linali lakuti, "Bambo wawasiya ndi ndani?"

"Usawatchule bambo. Usayerekeze."

"Ndisawatchule? Ine amene ndimawapukuta masiku asanu ndi limodzi pa sabata? Iwe umabwera Lachiwiri ndi timabanzi tako n'kumadziona ngati woyera mtima!" Mawu anakwera, nkhope inafiira. "Unathawa mchenga, unakavala chipewa, ine unandisiyira maambulera ndi nkhalamba. Ndiye chaka chatha unabwera ndi tepi yako yoyezera, pamaso pa makasitomala anga, n'kundizulitsa mizere iwiri yathunthu. Mizere imene bambo anazika iwe usanabadwe! Akuti yapitirira malire. Mng'ono wako weniweni!"

"Inapitirira malire."

"Wamva? Wamva mmene ukuyankhira? Ndinati chabwino, poti chipewachi chinandilanda, chipewa chomwechi chindibwezere."

"Ukanandilanda ndalama, Lori. Ukanabwera kunyumba kwanga n'kutenga chilichonse. Koma unalemba nambala yanga. Unkadziwa kuti tsiku lina pepala lidzafika ku ofesi. Unkaganiza kuti adzamanga ndani?"

Loredana anayang'ana pansi. Anali ataganiza, ndipo anali atasankha.

Kenaka anasendera pafupi, mawu n'kutsika, kukhala a kamtsikana kaja ka kale. "Nella. Tamvera. Uwauze kuti yunifolomu ndinaitola, ndimangosewera, ndi kamodzi kokha. Iwe amakukhulupirira. Uyu," analoza Mbaye ndi chibwano, "ndi amene anandinyengerera, ndani angamvere zonena zake? Amutumize kwawo, nkhani yatha. Ukandimangitsa, bambo akhala ndi ndani? Taganiza, mkulu wanga."

Mbaye anali ataima pomwe anali, chingwe chili lende m'dzanja, osakoka. Anali kuyang'ana Ornella.

Mphepo inawomba kuchokera kunyanja. Kaambulera ka mayi wa chipewa chapinki kanapendekeka, ndipo Ornella anaona dzanja la Loredana likunyamuka lokha kuti likagwire, mwini wake osadziwa. Dzanja lake lomwe linali litanyamukanso. Onse awiri anabweza manja, kaambulera kanazuka n'kugubuduzika kulowera kumiyala.

Ornella anatsekula kachikwama kake n'kutulutsa buku lenileni, la m'mbali moyera. Pansi pa tsamba analemba nambala 52, pang'onopang'ono, kuti iwerengeke bwino.

"Dzina lanu, mayi?"

"Nella! Ukundifunsa dzina ine?"

"Dzina lanu ndi la bambo anu," anatero Ornella. "Ndipo muvule chipewacho. Si chanu."